Ndege yatichedwetsa tsiku lathunthu, kodi pali chomwe tingapeze?

Make Tadala: Mwaswera bwanji abale. Ndifunseko amene mumadziwa za maulendo a pandege. Mwezi watha tinapita kumudzi ku ukwati wa mng'ono wanga, ine, bambo awo ndi ana awiri. Ndege imayenera kunyamuka pa Heathrow 8 koloko usiku koma inanyamuka hafu pasiti 10, ati mainjiniya amakonza kenakake. Titafika kosinthira ndege tinapeza ya ku Lilongwe yatisiya kale. Anatigoneka pa hotela n'kutikweza ya mawa lake, ndiye pa Kamuzu tinatera patapita tsiku lathunthu. Chinkhoswe tinaphonya, tinangopeza anthu akutsuka mbale. Mnzanga wa kuntchito akuti pamakhala ndalama, koma bambo awo akuti ndisadzivute chifukwa kuchedwa kwa pa Heathrow sikunakwane maola atatu. Zoona zake ndi ziti?

Admin: Pepani Make Tadala. Onse oyankha, musatchule dzina la kampani yomwe wina akuidandaula. Mudziwa kale lamulo la gulu lino.

Bambo a Yankho: Mayi, mwafika amoyo, ana ali bwino, ukwati mwauona. Tithokoze Mulungu. Anthu aja anaimika ndege kuti akonze, kodi mukadakonda muuluke ndi ndege yowonongeka? Hotela anakupatsani, chakudya anakupatsani. Ine sindikuona mlandu pamenepa.

Nagama: Make Tadala, musawamvere bambo awo pa nkhani iyi, kkkk. Ndiyankheni mafunso atatu. Tikiti yonse, kuchoka London mpaka Lilongwe, inali pa booking imodzi? Nambala ija ya zilembo zisanu ndi chimodzi inali imodzi pa ndege zonse ziwiri? Ndipo ana onse anali ndi matikiti olipira?

Make Tadala: Eya asisi, nambala imodzi. Tinagula kwa ajenti wina wa ku Birmingham. Ana ndi a zaka 9 ndi 5, aliyense mpando wake, ndipo mtengo wake sunali wamasewera.

Nagama: Ndiye mvetserani. Lamulo lomwe limagwira ntchito kuno amalitcha UK261. Linachokera ku lamulo la European Union la nambala 261 la chaka cha 2004, ndipo UK itatuluka mu EU inalisunga, inangosintha ndalama kukhala mapaundi. Ndege iliyonse yonyamuka pa bwalo la ndege la kuno ili pansi pa lamuloli, kaya kampaniyo ndi ya ku Africa, ya ku Arabia kapena ya kwina kulikonse.

Tsono chomwe bambo awo aphonya ndi ichi. Sawerengera nthawi yomwe mwanyamukira. Amawerengera nthawi yomwe mwafikira kumene tikiti yanu ikuthera, kwa inu ndi Lilongwe. Mukafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa, chipukuta misozi chilipo. Ulendo wosaposa makilomita 1,500 ndi £220, wapakati mpaka makilomita 3,500 ndi £350, wautali kuposa pamenepo ndi £520. Pa ulendo wautaliwo, kuchedwa kukakhala pakati pa maola atatu ndi anayi amaloledwa kudula theka, n'kupereka £260. Inu munachedwa tsiku lonse, ndipo London ndi Lilongwe zatalikirana kuposa kawiri mlingo wa 3,500 uja. Ndiye £520 munthu mmodzi. Muli anayi. Werengani nokha.

Make Tadala: £2,080?? Asisi musandinamize, mtima wanga ndi wofooka.

Achimwene a ku Luton: Eeee. Ine chaka cha 2022 zinandichitikira zomwezi ndendende, ndinangotukwana mumtima n'kuiwala.

Chiko (Leeds): Anagama anena zoona. Ndiwonjezerepo pang'ono chifukwa kampani ikhoza kukuyankhani kuti ndege yachiwiriyo inanyamukira kunja kwa UK, ndiye lamulo silikuikhudza. Mfundo imeneyo inagwa kale kukhoti. Mu 2017 Court of Appeal ya ku England inagamula mlandu wa Gahan ndi Emirates, wa anthu omwe ananyamuka ku Manchester mochedwa n'kuphonya ndege yachiwiri ku Dubai. Khoti linati chofunika ndi nthawi yofikira kumapeto kwa ulendo, ngakhale kosinthirako kuli kunja kwa Europe ndipo kampaniyo si ya ku Europe. Khoti la EU nalonso linanena zofanana mu 2018 pa mlandu wa Wegener ndi Royal Air Maroc, ulendo wochoka ku Berlin kudzera ku Casablanca kupita ku Agadir. Mukamalemba kalata, tchulani dzina la Gahan. Amadziwa kuti munthu wotchula zimenezi sangamuthamangitse ndi yankho lokopera.

Chiko (Leeds): Achimwene a ku Luton, musataye mtima. Ku England ndi Wales muli ndi zaka zisanu ndi chimodzi zoti mukhoza kukasuma, ku Scotland zisanu. Za 2022 zikadali zamoyo. Fufuzani mu imelo, tikiti ija ilimo ndithu.

Achimwene a ku Luton: Aise ukunena zoona? Dikira ndisake pasiwedi ya Yahoo yanga yakale.

Bambo a Yankho: Ana inu, ine funso langa silinayankhidwe. Ndege inawonongeka. Kuwonongeka kwa makina ndi dala? Mukalanga kampani chifukwa chokonza ndege, mawa adzangonyamuka osakonza poopa kulipira. Pamenepo mudzati bwanji?

Nagama: Bambo, funso lanu ndi lomveka, ndipo makampani analipititsa kukhoti lomwelo. Lamulo limawamasula ngati chochedwetsacho ndi chinthu chachilendo chomwe sakanachipewa ngakhale atachita zonse zoyenera. Pachingerezi amati extraordinary circumstances, ndipo mawu amenewa mudzawaona m'kalata iliyonse yokukanirani. Mphepo yamkuntho, chifunga chotseka bwalo, nkhondo, chiopsezo cha zauchifwamba, mbalame kulowa mu injini, kapena oongolera ndege ali pansi aja kunyanyala ntchito, zimenezo kampani silipira. Koma chitsulo kutha kapena kachipangizo kufa ndi gawo la bizinesi yoyendetsa ndege. Khoti la EU linanena zimenezi mu 2008 pa mlandu wa Wallentin-Hermann ndi Alitalia, ndipo kuno mu 2014 pa mlandu wa Huzar ndi Jet2. Palibe akuti asakonze. Akonze ndithu, koma mtengo wa kuchedwako usagwere mayi yemwe analipira tikiti, n'kupempha tchuthi kuntchito, n'kuphonya chinkhoswe cha mng'ono wake.

Chiko (Leeds): Ngakhale woyendetsa ndege akadwala. Mu 2024 Supreme Court ya UK, pa mlandu wa Lipton ndi BA CityFlyer, inati kudwala kwa pailoti si chinthu chachilendo, kampani iyenera kukonzekera. Antchito a kampani yomweyo akanyanyala, nazonso kawirikawiri makhoti saziwerengera ngati chifukwa chokwanira.

Bambo a Yankho: Chabwino, ndamva. Koma ine ndinakulira nthawi ya Air Malawi, ndege ikachedwa timangogula Fanta n'kukhala pansi.

Nambewe (Dublin): Kkkkk Bambo a Yankho mwandikumbutsa khonde lija la pa Chileka, anthu atadzaza kudzaonerera ndege ngati mpira. Kuno ku Ireland lamulo ndi lija la EU lenilenilo, €250, €400 ndi €600. Ine ndinalandirapo €600. Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Poyamba ananditumizira imelo yokoma kwambiri, yopepesa, ndi voucher yogulira tikiti ina, yotha ntchito pakatha chaka. Pansi pake panali batani loti ndidine kusonyeza kuti ndavomera. Mwamwayi ndinafunsa kaye. Lamulo limati chipukuta misozi chikhale ndalama, cheke kapena kutumiza ku banki. Voucher amapereka pokhapokha iwe mwini utavomera polemba. Ukadina batani lija wadzitsekera wekha chitseko.

Achimwene a ku Luton: Koma asisi, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Voucher ikabwera lero, ndalama miyezi isanu ndi umodzi, ine ndimatenga voucher. Kumudzi ndimapita chaka chilichonse.

Nambewe (Dublin): Ngati voucher yake ndi yoposa ndalamazo ndipo mukudziwa kuti mukwera kampani yomweyo, palibe choipa. Yanga inali yochepera theka. Komanso voucher siilipira lendi, achimwene.

Make Tadala: Iii, ndiye ine ndinasaina kapepala pa hotela paja, ndipo anatipatsa timapepala togulira chakudya pa bwalo la ndege. Ndiye kuti ndinadzitsekera?

Nagama: Ayi. Hotela, chakudya ndi galimoto yokutengerani ku hotela ndi ufulu wina wapadera, sachotsera pa £520 ija. Pa ulendo wautali, ndege ikachedwa maola anayi ayenera kukudyetsani, mukagona ayenera kukupezerani pogona. Ufulu umenewu umakhalapo ngakhale vuto litakhala la nyengo. Mukukumbuka phulusa la phiri la ku Iceland mu 2010, ndege za ku Europe zitaima masiku angapo? Khoti la EU linagamula mu 2013, pa mlandu wa McDonagh ndi Ryanair, kuti ngakhale pamenepo kampani imayenera kusamalira anthu ake mpaka atanyamuka. Chimodzimodzi tsiku lija Heathrow inatsekedwa, pa 21 March 2025, moto utabuka pa siteshoni ya magetsi ku Hayes, kapena pa 28 August 2023 makompyuta a NATS oongolera ndege atasokonekera. Masiku amenewo £520 kunalibe chifukwa vuto silinali la makampani, koma pogona ndi chakudya zinali pamutu pawo. Ngati munagula chakudya cha ana ndi ndalama zanu, tumizani malisiti abweze. Bola zikhale zomveka, osati botolo la vinyo.

Make Tadala: Malisiti ndili nawo awiri, enawo Tadala anajambulapo maluwa kkkk.

Wa ku Joni: Moni nonse. Ine ndili ku Johannesburg, ndinalowa gulu lino kudzera kwa alongo anga a ku Coventry. Nanga ife? OR Tambo kupita Chileka, ndege ikalephereka timapeza chiyani?

Chiko (Leeds): Achimwene, pamenepo nkhani ndi yowawa. UK261 ndi EU261 sizifika kumeneko. South Africa ilibe lamulo loika mtengo wokhazikika ngati la kuno. Muli ndi Consumer Protection Act ya 2008, yomwe ingakuthandizeni kubwezeredwa ndalama ngati sanakupatseni ntchito yomwe munalipira, ndipo ndime 47 imakamba za kugulitsa mipando yoposa yomwe ilipo. Kupatula apo ndi malamulo a kampaniyo omwe munavomera pogula tikiti, aja palibe amawerenga aja. Awerengeni, nthawi zina amalonjezamo hotela kapena kukusinthirani tsiku kwaulere.

Wa ku Joni: Ndimadziwa kuti ife ndi ana opeza. Kampani ya ndege ya Comair, eni ake a Kulula, itagwa mu June 2022, anthu a matikiti a Kulula analira kuno.

Nagama: Kampani ikagwa ndi nkhani inanso, palibe woti mumulembere. Kwa ife a kuno, chotipulumutsa ndi kugula tikiti ndi credit card. Ndime 75 ya Consumer Credit Act ya 1974 imati chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000, kampani ya khadi imasenza nawo mlandu wogulitsayo akalephera. Koma mukadzera kwa ajenti nthawi zina zimavuta, chifukwa ndalama sizinapite mwachindunji kwa kampani ya ndege. Pa debit card pali chargeback, njira yopemphera banki yanu kuti ikubwezereni ndalama, imene si lamulo koma dongosolo la Visa ndi Mastercard, ndipo ili ndi nthawi yake yochepa.

Nachisale: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine zinandichitikira pobwera. Kuchoka Lilongwe, ndege inalephereka, tinanyamuka patapita masiku awiri. Kuntchito anandidula mashifiti awiri, ndimagwira kosamalira okalamba. Ndinalemba kalata n'kutchula UK261, anandiyankha kuti sizikundikhudza. Ndinkaganiza kuti akundinamiza.

Chiko (Leeds): Kampani yake ndi ya kuno kapena ya ku EU, kapena ya kwina? Musatchule dzina, Admin ali maso.

Nachisale: Ya kwina.

Chiko (Leeds): Ndiye sanakunamizeni, asisi, ndipo apa ndi pomwe ambirife timakhumudwira. Popita, kampani iliyonse ili pansi pa lamulo chifukwa mwanyamukira kuno. Pobwera, lamulo limagwira pokhapokha ndege yomwe mwakwera ikuyendetsedwa ndi kampani ya UK kapena ya EU. Khoti limaona ulendo wopita ndi wobwera ngati maulendo awiri osiyana ngakhale tikiti ndi imodzi. Mwachitsanzo, Johannesburg kubwera London pa British Airways kapena Virgin Atlantic muli otetezedwa. Koma popeza kulibe ndege yochoka ku Malawi kubwera kuno mwachindunji, ndipo ambirife timadzera ku Addis Ababa kapena Nairobi pa makampani a ku Africa, ulendo wobwera umakhala wopanda £520. Samalaninso ndi codeshare. Tikiti ikhoza kukhala ndi dzina la kampani ya ku Europe pomwe ndege yeniyeni ndi ya kampani ina. Lamulo limayang'ana yoyendetsa ndegeyo, osati yogulitsa tikiti.

Nachisale: Ndiye basi zatha?

Chiko (Leeds): Osati kwenikweni. Pali pangano la mayiko lotchedwa Montreal Convention la 1999. Tikiti yoyambira ku UK n'kudzathera ku UK ili pansi pake. Ndime 19 imati kampani ilipire zomwe mwataya chifukwa cha kuchedwa, pokhapokha itaonetsa kuti inachita zonse zotheka kupewa. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe mtengo woikiratu. Muyenera kuonetsa umboni wa ndalama zomwe zinatayika: malisiti a pogona, thiransipoti yobwerera ku Area 25 kapena komwe munagona, tikiti ya sitima kapena kochi ya kuno yomwe inapsa. Za mashifiti yesani, tumizani rota ndi payslip, koma konzekerani kuti akangana nanu. Malire ake kuyambira kumapeto kwa December 2024 ndi 6,303 SDR, ndalama yowerengera ya IMF, yomwe ndi mapaundi masauzande angapo. Ndipo apa nthawi ndi zaka ziwiri zokha, osati zisanu ndi chimodzi.

Bambo a Yankho: Mnyamata iwe ukuphunzira za uloya kodi? Makolo ako sanataye ndalama.

Chiko (Leeds): Chaka chachiwiri, bambo. Koma musanditenge ngati loya wanu, sindinafike.

Achimwene a ku Luton: Ndaipeza imelo ija! Koma taonani. London kupita Johannesburg ndinagula payokha, Johannesburg kupita Blantyre ndinagula payokha chifukwa zimatchipa ndi £90. Yoyamba inachedwa maola awiri, yachiwiri inandisiya, ndinagula tikiti ina.

Nagama: Aaaa achimwene. Pepani, pamenepo palibe. Kwa kampani yoyambayo ulendo wanu unathera ku Johannesburg, ndipo kumeneko munachedwa maola awiri okha. Kwa yachiwiriyo ndinu munthu amene simunabwere pa nthawi yake. Ndi chifukwa chake ndinayamba n'kufunsa Make Tadala za nambala imodzi ija. Ajenti ena amalumikiza matikiti awiri osiyana n'kukutumizirani pa pepala limodzi looneka bwino. Muzifunsa musanalipire.

Achimwene a ku Luton: £90 yandidyera £520. Ndikukagona.

Make Tadala: Asisi Anagama, ndiye ndiyambire pati? Ndipite kwa ajenti uja? Komanso pa Facebook ndikuona makampani olonjeza kuti akutengerani ndalamazo, inu osachita kanthu.

Nagama: Ajenti musiyeni, iye anangogulitsa. Lemberani kampani yomwe inayendetsa ndege yochoka pa Heathrow. Pa webusaiti yawo pamakhala fomu ya madandaulo, nthawi zambiri yobisika pansi penipeni. Lembani mwachidule, osalira, osatukwana, za chinkhoswe musatchule n'komwe chifukwa sizisintha mtengo. Nambala ya booking, nambala za ndege zonse ziwiri, tsiku, nthawi yomwe mumayenera kufika ku Lilongwe, nthawi yomwe munafika, chifukwa chomwe anakuuzani, mayina a anthu anayi, ndipo mumalize ndi mawu oti mukufuna £520 aliyense pansi pa UK261, yolipiridwa ku banki. Ikani zithunzi za ma boarding pass, makamaka atsopano omwe anakupatsani a tsiku lachiwiri, chifukwa amenewo ndiwo umboni woti iwo eni anakusunthani.

Akakana, kapena pakatha masabata asanu ndi atatu osakupatsani yankho lomaliza, pitani kwa oweruza apakati. Kuno alipo awiri, CEDR ndi AviationADR, ndipo pa webusaiti ya bungwe loyang'anira za ndege la Civil Aviation Authority (CAA) pali mndandanda woonetsa kampani iliyonse komwe inalembetsa. Chigamulo chawo kampani imayenera kuchitsatira. Ngati kampani yanu sinalembetse kulikonse, dandaulo limapita ku CAA komweko, kungoti iwo sangaikakamize kulipira. Pamenepo chotsala ndi khoti la milandu ing'onoing'ono, mumasuma pa intaneti, loya safunika.

Za makampani a pa Facebook aja, ena ndi enieni, sindikuti ndi akuba onse. Koma amadula gawo lalikulu, ena pafupifupi limodzi mwa magawo atatu. Pa £2,080 ndi ndalama zoti mukanagulira tikiti ya mwana. Mlandu wanu ndi woongoka, yambani nokha. Iwowo asungireni tsiku lomwe mwatopa.

Nambewe (Dublin): Ndipo samalani ndi omwe amakuyankhani pa X kapena Facebook akudzitcha kampani ya ndege, n'kupempha nambala ya WhatsApp ndi za khadi lanu kuti akubwezereni. Mukangodandaula poyera amatulukira ngati inswa. Kampani yeniyeni sifunsa manambala atatu a kuseri kwa khadi.

Bambo a Yankho: Nanga ndege akangoiimitsiratu usanachoke pakhomo? Mayi a kunyumba akupita pa Khirisimasi, ndikufuna ndidziwiretu.

Nambewe (Dublin): Taonani amene amati tizingomwa Fanta aja kkkkk.

Nagama: Kkkk asiyeni abambo. Ikalephereka yochoka kuno, amayi asankhe okha: kubwezeredwa ndalama zonse pasanathe masiku asanu ndi awiri, kapena kupezeredwa ndege ina mwamsanga. Pa Khirisimasi musathamangire kutenga ndalama, chifukwa mukatenga udindo wa kampani wathera pomwepo, ndipo tikiti yatsopano sabata imeneyo mtengo wake mukuudziwa. Aumirire kuti awapezere mpando, ngakhale pa kampani ina ngati yawo ilibe malo masiku oyandikira. Chipukuta misozi chimabwera pamwamba pake ngati anakudziwitsani kutatsala masiku osakwana 14, pokhapokha ndege yatsopanoyo ikufika pafupi kwambiri ndi nthawi yakale kapena chifukwa chake ndi cha mtundu wa mphepo uja. Akakuuzani kutatsala mwezi, palibe chipukuta misozi, koma ufulu wosankha uja ulipobe. Onetsetsani kuti pa booking pali imelo ndi foni yanu, osati ya ajenti yokha.

Nachisale: Funso lomaliza, pepani ndachulutsa. Ulendo womwewo sutikesi imodzi inatsala, inabwera patapita sabata. Munali yunifolomu ndi nsapato za kuntchito, ndinachita kugula zina. Ufa ndi usipa zinafika bwinobwino, musadandaule.

Admin: Za usipa musalembe pagulu, asisi, malamulo a kuno pa zakudya zolowa nazo ndi nkhani ina.

Chiko (Leeds): Munalembetsa pa bwalo la ndege tsiku lomwelo? Amapereka pepala lotchedwa PIR, lokhala ndi nambala.

Nachisale: Eya, lili m'chikwama.

Chiko (Leeds): Zili bwino, koma pepala limenelo palokha si dandaulo. Pansi pa Montreal Convention, katundu akachedwa muyenera kulemba dandaulo pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku lomwe mwamulandira. Akawonongeka ndi masiku 7 okha. Malire ake ndi 1,519 SDR munthu mmodzi, ndipo apa zilibe kanthu kuti kampani ndi ya kuti kapena mumapita kapena mumabwera. Sutikesiyo inafika liti pakhomo panu?

Nachisale: Dikirani ndione meseji ya dalaivala anabweretsa uja. Pa 3 mwezi uno.

Chiko (Leeds): Lero ndi pa 21. Mwatsala ndi masiku atatu. Jambulani malisiti a nsapato ndi yunifolomu, pepala la PIR ndi kachomata ka katundu kaja, mutumize usiku uno musanapite ku shifiti.